Walira Mvula Walira Matope: Za Makampani Ogulira Anthu Masheya

Nkhani ya chuma ya sabata ino ichokera mu mzinda wa Edinburgh, ku Scotland, kumene kuli kampani yotchedwa Scottish Mortgage Investment Trust. Kampaniyi ilibe fakitale kapena munda. Ntchito yake ndiyo kusunga ndalama za anthu ambiri m'thumba limodzi, ndi kugulira ndalamazo masheya a makampani a m'maiko osiyanasiyana. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani, ndipo wofuna kulowa m'thumbali amagula masheya a kampani yomweyi pa msika wa masheya wa ku London. Kuno ku Malawi nakonso kuli kampani ya mtundu umenewu, National Investment Trust, koma iyo imagula makamaka masheya a makampani a m'dziko mom'muno.

Scottish Mortgage inayamba m'chaka cha 1909 ndi cholinga chokongoza ndalama kwa eni minda ya mphira ku Malaya ndi ku Ceylon. Kuyambira pachiyambi, oiyendetsa ndi a kampani ya Baillie Gifford. Masiku ano iwo amafunafuna makampani amene akuoneka kuti angakule kwambiri m'tsogolo, ngakhale phindu lawo la lero likhale lochepa. Anagula masheya a Amazon kalekale, ndipo m'chaka cha 1913 dzina la Scottish litalowa m'dzina la kampaniyi, palibe akanalota kuti patapita zaka 100, mu 2013, idzayamba kugula masheya a Tesla, kampani yopanga galimoto zoyendera magetsi.

Maganizo awo ali ndi maziko. Katswiri wina wa ku America, Hendrik Bessembinder, atafufuza msika wa masheya wa dziko lake kuchokera mu 1926 kufikira mu 2016, anapeza kuti chuma chonse chimene msikawo unapindula koposa kungokongoza boma ndalama chinachokera kwa makampani anayi okha pa 100 alionse. Motero wosaka makampani ochepawo amadziwiratu kuti ambiri mwa amene wawasankha adzamugwiritsa mwala, nayembekeza kuti awiri kapena atatu adzabweza zonse zotayikazo ndi kuonjezerapo.

Zimene zinachitika pakati pa 2020 ndi 2023 zisonyeza nkhope zonse ziwiri za malondawa. Kumayambiriro kwa 2020 sheya imodzi inkagulidwa pafupifupi mapaundi 6, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho mtengo unali utawirikiza kawiri. Mu November 2021 unapitirira mapaundi 15. Anthu ambiri analowa pa nthawi imeneyo, ataona anzawo akukolola. Koma pofika pakati pa 2023 mtengo unali utatsika kufika pansi pa mapaundi 7. Munthu amene anaika mapaundi 1,000 mtengo uli pamwamba anatsala ndi chuma chosakwana mapaundi 500.

Zifukwa zake zilipo zinayi. Choyamba ndi chiwongoladzanja. Banki yaikulu ya ku Britain inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 peresenti mu December 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu August 2023, ndipo ku America nakonso chinakwera. Ndalama zikamabereka bwino ku banki, anthu safunanso kulipira zambiri pogula kampani yolonjeza phindu la zaka khumi zikudzazo.

Chachiwiri ndi ngongole. Makampani a mtundu umenewu amaloledwa kukongola ndalama zogulira masheya ena. Msika ukakwera ngongoleyo imakulitsa phindu, koma ukatsika imakulitsanso kuluza, pakuti wokongoza amafuna zake zonse.

Chachitatu n'chakuti Scottish Mortgage imagulanso magawo m'makampani amene sanalowe pa msika wa masheya, monga inachitira ndi SpaceX ya ku America. Mtengo wa magawo otere ndi wongoyerekeza, ndipo sagulitsika msanga. Ena amafera m'njira: Northvolt, kampani ya ku Sweden yopanga mabatire, m'mene munalinso ndalama za thumbali, inagwa mu March 2025 italephera kubweza ngongole.

Chachinayi ndicho chimene ambiri sachidziwa. Mwini sheya akafuna kutuluka, kampani simubwezera ndalama. Ayenera kupeza womugula pa msika. Ogulitsa akachuluka, mtengo wa sheya umatsika kuposa mtengo wa chuma chimene chili m'thumba. Mu 2023 kusiyanaku kunafika pafupifupi 20 peresenti, kotero kuti chuma cha paundi imodzi chinkagulitsidwa mapeni 80. Mu March 2024 kampaniyi inalengeza kuti idzagula masheya ake omwe, a ndalama zosachepera mapaundi 1 biliyoni, ndipo kugula kotere kumathandiza kuchepetsa kusiyanako.

Nanga malonda otere ayenera yani? Oyendetsa thumbali amanena okha kuti ntchito yawo iyesedwe pa zaka zisanu kapena kupitirira. Choncho ndalama za sukulu ya mwana, za feteleza wa chaka chino, kapena zokongola kwa munthu, siziyenera kupita kumeneko. Zoyenera ndi zokhazo zimene banja lingakhale popanda izo kwa zaka zambiri, ndipo zikhale gawo lochepa la chuma chonse. Mlimi wanzeru akamva za mbewu yachilendo yobereka kwambiri amaiyesa pa kachigawo ka munda, kwinako nadzala chimanga chodziwika.

Omvera amene ali ndi abale ku Britain, kapena amene akuganiza zogula masheya kuno kwathu, achita bwino kudzifunsa funso limodzi asanatulutse ndalama: mtengo utatsika ndi theka chaka chamawa, kodi banja lidzadya, ndipo mwini wake adzatha kudikira osagulitsa? Woyankha kuti ayi asalowe. Woyankha kuti inde alowe akudziwa kuti walira mvula walira matope, ndiponso kuti ngakhale wodikira salonjezedwa phindu.