Kugulitsa Maphunziro a pa Intaneti Asanakonzedwe: Njira Yoyezera Ngati Ophunzira Alipodi

Akatswiri ambiri amene amafuna kupeza ndalama pophunzitsa kudzera pa intaneti amakodwa mumsampha umodzi. Amatha miyezi akulemba maphunziro, kujambula mavidiyo ndi kulipira makampani monga Teachable kapena Thinkific kuti awasungire ntchito yawo, koma tsiku lotsegulira likafika, ogula saoneka. Pofuna kupewa kutaya nthawi ndi chuma motere, ena amayamba agulitsa maphunzirowo asanawakonze n'komwe.

Njirayi imayenda chonchi. Mphunzitsi amalemba tsamba limodzi lofotokoza zimene wophunzira adzadziwe akamaliza, mitu ya maphunziro, tsiku loyambira ndiponso mtengo wake. Amanena mosapsatira kuti maphunzirowo sanakonzedwe, ndipo kawirikawiri amatsitsa mtengo kwa olipira moyambirira. Asanalengeze, amawerengera kuti pafunika anthu angati kuti ndalama ndi nthawi yake zisalowe m'madzi. Chiwerengerocho chikakwana pofika tsiku loikidwa, ntchito imayamba. Chikapanda kukwana, aliyense amabwezeredwa ndalama zake zonse.

Phata la njirayi lagona pa kusiyana kwa mawu ndi ndalama. Munthu akafunsidwa ngati angakonde kuphunzira, sachedwa kuvomera, makamaka akakhala bwenzi kapena wachibale wosafuna kugwetsa mnzake ulesi. Kulembetsa kwaulere nakonso sikusonyeza zambiri. Kafukufuku wa Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente, amene adasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2019, adapeza kuti mwa anthu 100 alionse amene adalowa m'maphunziro a mayunivesite a MIT ndi Harvard pa edX m'chaka cha 2017-18, pafupifupi atatu okha ndiwo adamaliza. Koma mwa 100 alionse amene adalipira pofuna satifiketi, 46 adafika kumapeto. Akuluakulu adanena kale kuti fodya ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Mlakatuli wa ku England, Alexander Pope, atafuna kumasulira Iliad kuchokera m'Chigiriki kupita m'Chingerezi, adayamba wasonkhanitsa anthu amene adalipiriratu. Ntchitoyo idatuluka m'mabuku 6 pakati pa 1715 ndi 1720, ndipo ndalama zake zidamuthandiza kudziimira payekha. Kampani ya Kickstarter, imene idayamba ku New York mu 2009, imatsata mfundo yofanana: mwini ntchito salandira kanthu ngati malonjezo a anthu sanafike pa ndalama imene adaikiratu.

Phindu lina limaoneka maphunziro akayamba. Aphunzitsi ambiri amaphunzitsa gulu loyamba mwachindunji pa Zoom kapena pa WhatsApp, mutu umodzi pa sabata. Mafunso a ophunzirawo amaulula pamene pali povuta ndi pamene mphunzitsi akungotaya nthawi, kotero kuti mavidiyo ojambulidwa pambuyo pake amayankha zosowa zenizeni.

Komabe, zotsatira za kugulitsiratu ziyenera kuunikidwa mosamala. Ngati olipira onse ndi abale ndi abwenzi, chimene chayezedwa ndi chikondi chawo, osati msika. Momwemonso, kusowa kwa ogula sikutanthauza nthawi zonse kuti mutuwo ulibe ntchito. Mwina mtengo udakwera, mwina uthenga udafika kwa anthu ochepa, mwinanso njira yolipirira idatsekera kunja anthu amene alibe makhadi a kubanki koma amatumiza ndalama pafoni. Mphunzitsi wanzeru amafunsa amene adaonetsa chidwi koma osalipira, kuti adziwe chimene chidawabweza.

Mbali yolemera kwambiri ndi ya wophunzira, chifukwa iye walipirira chinthu chimene sanachione. Malamulo a maiko ena amamuteteza. Ku South Africa, lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la mu 2002 limapatsa wogula pa intaneti masiku 7 oti asinthe maganizo popanda kupereka chifukwa, ngakhale kuti pali malonda ena amene ndimeyi siwakhudza. Lamulo lomweli limati wogulitsa akwaniritse zimene adalonjeza pasanathe masiku 30, pokhapokha ngati mbali ziwirizo zidagwirizana nthawi ina. N'chifukwa chake tsiku loyambira ndi ndondomeko yobwezera ndalama ziyenera kulembedwa poonekera, ndipo wogulitsa adziwe malamulo a dziko limene ogula ake akukhala.

Choncho ndalama zolandiridwa maphunziro asanakonzedwe si phindu ayi, koma ngongole. Ndi bwino kuzisunga padera mpaka chiwerengero chitakwana ndipo phunziro loyamba litaperekedwa. Mphunzitsi amene wabweza ndalama mwachangu ntchito italephereka angathe kubwereranso kwa anthu omwewo ndi ganizo lina. Amene wadyeratu ndalamazo n'kulephera kuphunzitsa sadzapezanso womukhulupirira.