WERENGANI MANO MUSANAGULE

Malangizo kwa acikumbi ofuna kusintha giyabokosi ndi difu za galimoto yakale

Alipo acikumbi okhala ku Libuyu, mu mzinda wa Livingstone, amene minda yao iri kutali ndi mseu wa tala: ena kwa Mukuni, ena kwa Musokotwane, ena kwa Sekute ca ku Kazungula. Njira za kumeneko nza mcenga wozama, ndipo m'dzinja, kuyambira November kufikira March, madambo ace amasanduka matope okha-okha. Cifukwa cace munthu akapata ndalama pa mbeu zace, kawiri-kawiri amagula galimoto yakale yokoka ndi magudumu onse anai, kuti izipita ndi feteleza ku munda ndi kubwera ndi cimanga, tomato ndi ndiwo zamasamba ku msika wa Libuyu kapena wa Maramba.

Galimoto yotere ikakalamba, zitsulo zace zimatha. Popeza zatsopano nzokwera mtengo, mwini wace amafuna zakale zocotsedwa ku galimoto ina. Kutero sikulakwa iai. Koma pali msampha umene wagwira anthu ambiri: citsulo cikhoza kulowa bwino-bwino m'malo mwace, mabauti onse ndi kumangika, cikhalirebe cosagwirizana ndi zinzace. Kabuku kano kalembedwa kuti inu acikumbi muzidziwa cofunsa ndi coyesa ndalama zanu zisanacoke m'thumba.

MAGALIMOTO AMENEWA SALI A MTUNDU UMODZI

Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu ku Amsterdam pa 30 April 1948. Amene anaiganizira, Maurice Wilks, anali ndi munda pa cisumbu ca Anglesey ku Wales, ndipo anafuna galimoto yothandiza mcikumbi: yokoka khasu, yonyamula katundu, ndiponso yozunguza makina ndi lamba. Mtundu woyamba, Series I, unapangidwa kufikira 1958. Unatsatidwa ndi Series II ndi IIA kufikira 1971, ndipo Series III unafika 1985. Mu 1983 munabwera mtundu wina umene mu 1990 unapatsidwa dzina lakuti Defender, ndipo unaleka kupangidwa mu January 2016. A Toyota naonso anayamba kugulitsa Hilux yokoka ndi magudumu anai mu 1979, ndi Land Cruiser 70 mu 1984.

Tachula zaka izi kuti muone cinthu cimodzi. Magalimoto a dzina limodzi afanana pa nkhope, koma m'kati amisiri anali kusintha zitsulo nthawi ndi nthawi. Mau akuti "iyi nja Land Rover" kapena "iyi nja Hilux" sakwanira konse.

NJIRA IMENE MPHAMVU IYENDAMO

Mphamvu ya injini imadzera pa kalachi ndi kulowa m'giyabokosi. Kumbuyo kwa giyabokosi kuli bokosi laciwiri, limene amakanika alicha transfer. Nchito yace ndiyo kugawa mphamvu pawiri, ndiponso kupatsa woyendetsa magiya otsika a mu mcenga ndi pa citunda. Kucokera m'bokosili mipini iwiri yacitsulo, yochedwa pulopela, ipita wina kutsogolo wina kumbuyo. Uli wonse ufikira pa difu, ndilo phika lozungulira liri pakati pa magudumu awiri, ndipo kucokera m'difumo timipini tiwiri, mahafu shafiti, tizunguza magudumuwo.

Pa Land Rover za Series, magudumu a kumbuyo okha ndiwo akoka masiku onse. A kutsogolo amalowa nchito mukakanikiza kandodo ka mutu wacikasu, kapena mukakokera kumbuyo ndodo ya mutu wofiira ya magiya otsika. Pa Defender onse anai akoka nthawi zonse, cifukwa m'bokosi laciwiri muli difu yacitatu.

LAMULO LOPOSA ONSE

Mcikumbi ali yense adziwa kuti samanga ng'ombe yaliwiro ndi ng'ombe yozengereza pa goli limodzi. Akatero mzere ukhota, zitsulo za goli zithyoka, ndipo ng'ombe zonse ziwiri zipweteka makosi. Magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo ali ngati ng'ombe za pa goli limodzi. Tsono lamulo ndi ili: difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zikhale za muyeso umodzi.

Muyesowo ucokera ku mano. M'difu muli giya laling'ono lozunguza giya lalikulu. Gawani mano a lalikulu ndi mano a laling'ono, ndipo mwaupeza. Pa Land Rover ya Series lalikulu liri ndi mano 47, laling'ono 10, ndiye kuti muyeso wace ndi 4.7. Pa Range Rover yakale, Discovery ndi Defender mano ndi 46 ndi 13, ndiye kuti 3.54. Madifu awiriwa kunja afanana ngati mapasa.

Taganizani za munthu amene difu yace ya kutsogolo yafa m'cirimwe. Agula ya 3.54 naimanga pa galimoto imene kumbuyo iri ndi 4.7. Pa tala sadzamva kanthu, pakuti magudumu a kutsogolo angotsatira. Koma tsiku limene adzakanikiza kandodo kacikasu, atasenza matumba a feteleza ndipo mvula yoyamba itagwa, magudumu a kutsogolo adzafuna kuzungulira kanai pamene a kumbuyo azungulira katatu. Mu mcenga galimoto idzadzikumbira dzenje. Pa nthaka youma cina cidzathyoka: hafu shafiti, kapena mano a m'bokosi laciwiri. Kukonza kudzatenga masabata, ndipo inu mudziwa nokha kuti cimanga cocedwa kubzala ndi kuthiridwa feteleza sicibala monga cinzace.

Eni a Hilux acenjere koposa, cifukwa madifu ace ali a miyeso yambiri. Ina mwa iyo ndi 4.10 ya mano 41 ndi 10, 4.30 ya mano 43 ndi 10, 4.56 ya mano 41 ndi 9, ndi 4.88 ya mano 39 ndi 8. Onani kuti 4.10 ndi 4.56 zonse ziri ndi mano 41 pa giya lalikulu. Wowerenga lalikulu lokha adzanyengeka. Werengani onse awiri.

KUYESA DIFU OSAITSEGULA

Difu iri pansi kwa wogulitsa njosabvuta: lembani dzino limodzi ndi coko ndi kuwerenga. Koma imene iri pa galimoto yanu muiyese motere.

Imikani galimoto pa malo osalala ndi kuchinga magudumu ndi miyala. Ikani ndodo ya giyabokosi pakati, pamene sigwira giya liri lonse, magudumu onse anai asakhale omangidwa pamodzi, ndipo masulani buleki ya dzanja. Kwezani gudumu limodzi lokha ndi jeke, linzace likhale pansi, ndipo ikani cipika colimba pansi pa galimoto. Musalowe pansi mukhulupirira jeke yokha. Lembani cizindikiro pa tayala ndi cina pa pulopela. Mnzanu azunguze gudumu kawiri kathunthu, inu mulikuwerenga kuzungulira kwa pulopela. Ikazungulira kanai ndi kupitirira theka, pafupi kukwana kasanu, ndiyo 4.7. Ikazungulira katatu ndi theka, ndiyo 3.54. Citani comweco kutsogolo, koma ngati magudumu a kumeneko ali ndi zotsekera za pa dzanja, muyambe mwazitseka.

Werenganinso timizere ta kunsonga kwa hafu shafiti, timene tilowa m'difu. Land Rover zakale ziri ndi timizere 10, za pambuyo pace 24. Difu ya timizere 24 silandira hafu shafiti ya timizere 10, cinkana muyeso wa mano uli wolingana.

Matayala naonso ali m'lamulo lomweli. Kuika a 7.50 x 16 kumbuyo ndi a 6.00 x 16 kutsogolo kuli cimodzi-modzi kusiyanitsa madifu.

LIWIRO KAPENA MPHAMVU?

Ena amacotsa madifu onse awiri a 4.7 naikamo a 3.54 kuti galimoto izithamanga pa mseu wa ku Zimba ndi ku Kalomo injini isalikulira kwambiri. Ndi zoona kuti imathamanga. Koma giya silenga mphamvu, lingosinthanitsa. Cimene mwapata pa liwiro mwacitaya pa kukoka, ndipo pano mwataya gawo limodzi la magawo anai pa giya liri lonse. Injini yakale ya malita 2.25 idzalefuka pa citunda, ndipo kalachi idzapsa poyamba ulendo ndi katundu mu mcenga.

Comweconso pa bokosi laciwiri la Defender ndi la Discovery, lochedwa LT230. Onse awiri amangika pa mabauti omwewo, ndipo magiya ao otsika ndi amodzi, 3.32. Koma magiya a pa mseu a Defender ambiri ndi 1.410, pamene a Discovery ndi 1.222. Woika la Discovery pa galimoto ya katundu ataya ngati gawo limodzi la magawo asanu ndi atatu la kukoka kwace.

Mwini Series wofunadi liwiro la pa tala acita bwino kufuna kabokosi ka overdrive, monga ka Fairey, kamene kamangidwa kumbuyo kwa bokosi laciwiri ndipo kali ndi ndodo yace-yace. Akafika mu mcenga angokacotsa nchito, mphamvu yonse ndi kubwerera. Koma adziwe kuti kakhala pa khomo lomwelo pamene pacokera mphamvu yozunguzira cigayo, mpope kapena soo. Sangakhale nazo zonse ziwiri pa khomopo. Dzifunseni tsono: kodi galimoto iyi idyetsa banja lanu pa tala, kapena mu mcenga?

GIYABOKOSI NDI INJINI ZIYENERANE

Giyabokosi ya Series II ndi IIA ifuna kuponda kalachi kawiri polowa giya loyamba ndi laciwiri. Ya Series III silira zimenezo. Pa Defender ndi Discovery pali mitundu iwiri ya magiya asanu: LT77, imene giya lace lobwerera m'mbuyo liri ku manzere pafupi ndi loyamba, ndi R380 ya kuyambira 1994, imene lobwerera liri ku manja pansi pa lacisanu. Ndiponso ya Discovery isiyana ndi ya Defender pa kutalika kwa khosi lace lofikira ku injini ndi pa malo oturukira ndodo. Yesani ndi tepi musanaipereke ndalama.

Ambiri amakonda kuika injini ya 200Tdi, imene inayamba mu 1989, m'galimoto ya Series. Injini ya dizilo yakale inali ndi mphamvu ya akavalo 62, monga awerengera amisiri, pamene 200Tdi ipitirira 100. Giyabokosi ndi mahafu shafiti a timizere 10 sizinapangidwire mphamvu yotere, ndipo zikhalitsa kokha ngati phazi la woyendetsa liri lofatsa. Mabuleki akale naonso ayenera kukonzedwa bwino lomwe, pakuti galimoto yothamanga ifuna kuimanso. Mukasintha injini, pitani ku ofesi ya RTSA kuti nambala yace yatsopano ilembedwe m'buku la galimoto.

Giyabokosi ya mtundu wina ikasuntha malo a bokosi laciwiri, mapulopela ayenera kufupikitsidwa kapena kutalikitsidwa. Nchito imeneyo nja mmisiri wokhala ndi makina oyesera, si ya pansi pa mtengo iai. Pulopela yokhota pang'ono igwedeza galimoto ndi kudya mabering'i.

POGULA

Zitsulo zakale zimafika mu Livingstone kucokera kutali, zina podzera pa mlatho wa Victoria Falls wa 1905, zina pa wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Wogulitsa mwini wace kawiri-kawiri sanaione galimoto imene zinacokerako. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musayang'ane penti. Masulani bauti yokhetsera mafuta: mukapezamo zidutswa za citsulo, mano alikutha, ndipo mafuta akaoneka ngati mkaka, munalowa madzi. Lowetsani giya liri lonse ndi kuzunguza ndi dzanja, mulikumvetsera ngati pali kukukuta. Lembani nambala yodindidwa pa bokosi. Pitani ndi makanika amene adzaimanga, ndiponso ndi citsulo canu cakufa kuti muziike pamodzi. Panganani pamaso pa mboni kuti cikakana mudzacibweza.

MUTAMANGA

1. Thirani mafuta oyenera. Giyabokosi ya Series, bokosi laciwiri ndi madifu zifuna mafuta olemera a EP90. LT77 ndi R380 zifuna opepuka, ndipo olemera aziumitsa magiya.

2. Musayende pa tala magudumu onse anai ali omangidwa pamodzi. Kandodo kakakana kumasuka, bwererani m'mbuyo pang'ono.

3. Mukaoloka madzi ozama, yang'anani mafuta a m'madifu ndi m'mabokosi tsiku lomwelo.

4. Thirani girisi pa timitanda ta mapulopela kawiri-kawiri, pakuti mcenga utidya msanga.

5. Yesani magudumu onse anai ndi magiya otsika mu September kapena October, mu mcenga wa pafupi ndi kwanu, galimoto iri yopanda katundu. Colakwa copezeka pamenepo cikonzeka mvula isanafike.

6. Lembani m'kabuku muyeso wa madifu, timizere ta mahafu shafiti ndi mtundu wa giyabokosi, kuti makanika wa mawa kapena mwana wanu asadzayambe ndi kulota.

Kuwerenga mano 47 kutenga nthawi yocepa koposa kuphika nsima, ndipo coko cimodzi cikwanira. Pamene simunamvetse, funsani makanika wozolowera mtundu wa galimoto yanu musanagule. Safunsa anadya phula.