MSOKO WA CHITSULO PA NYANJA YA MALAŴI

Mphepo ya mwera ikaŵinduka, maboti achitsulo opha nsomba kufupi ndi Nkopola amamenyedwa ndi mafunde usiku wonse. Moyo wa asodzi ali m'menemo umadalira misoko imene mmisiri analumikiza nayo zitsulo za botilo.

Kale zitsulo za sitima ankazisanjikiza, kuziboola ndi kuzimanga ndi misomali yamoto yotchedwa mariveti. Umu ndi mmene inamangidwira Chauncy Maples, imene inachokera ku Glasgow ili zidutswazidutswa, nilumikizidwa pafupi ndi Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, niloŵa m'madzi m'chaka cha 1901. Kuwotcherera kunadza pambuyo: sitima yapanyanja yoyamba yowotcherera yokhayokha, Fullagar, inamangidwa ku Birkenhead mu 1920.

Powotcherera, moto wa magetsi umasungunula m'mphepete mwa zitsulo ziŵiri pamodzi ndi ndodo yowotcherera, ndipo zikazizira zimasanduka chitsulo chimodzi. Ina mwa misoko yodziŵika ndi itatu iyi: wogundanitsa zitsulo m'mphepete, wosanjikiza china pa chinzake, ndi woimika china pa chinzake monga chilembo cha T, umene umagwira nthiti za boti. Zitsulo zikakhala zochindikala, mmisiri amayamba wasema m'mphepete mwake kuti pakhale kangalande konga V, moto uloŵe mpaka pansi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Msoko ukhoza kusalala pamwamba, m'kati muli mphako. Dzimbiri, utoto, mafuta kapena ndodo yachinyezi zimasiya timaenje, ndipo makoko akapanda kugogodedwa asanapitirize kuwotcherera, amatsekeredwa m'kati. Mng'alu umayambira pamenepo. Pa sitima ya mariveti mng'alu kaŵirikaŵiri umaima pothera chitsulo chimodzi, koma pa yowotcherera umatha kuyenda osaima. Mu 1943 sitima yatsopano, Schenectady, inathyoka pakati ili chikhalire pa doko la Portland ku America.

N'chifukwa chake mmisiri wanzeru, kaya ku doko la Monkey Bay kaya m'mbali mwa msewu ku Mangochi, sakhulupirira maso okha. Amapaka choko mbali imodzi ya msoko, palafini mbali inayo. Choko chikada, ndiye kuti palafini wadutsa, ndipo podutsa palafini madzi adzapezanso njira. Msoko wotere amaupala ndi kuuwotchereranso boti lisanabwerere pa nyanja.