Anyamata ndi Galimoto Zakufa

Ku America anyamata amagula galimoto zakale zamphamvu, monga Ford Mustang imene inayamba kugulitsidwa mu 1964, nazikonza kufikira ziŵala ngati zatsopano. Kuno ku Limphasa tilibe zotere, koma mtima wake ana athu ali nawo. Pansi pa mitengo ya mango pagona ma Land Rover ndi ma Peugeot 404 amene anasiyidwa kalekale, ndipo nkhuku zikuikira m'menemo.

Mnyamata akayamba kumasula injini yotere poŵeruka ku sukulu, ambiri a ife timam'kalipira kuti akudetsa zovala ndi girizi. Pamenepo timalakwa. Mwana wotsuka mapulagi, nasunga nati iliyonse m'chitini kuti isasoŵe, akuphunzira kuleza mtima kumene mkwapulo sunaphunzitsepo munthu.

Chimene chiyenera kutidetsa nkhaŵa ndi ndalama ya mpunga wa m'dambo, imene imathera pa zitsulo ku Mzuzu fizi isanalipidwe. Chinanso ndi tsiku limene injiniyo idzalira, mwana wopanda laisensi nafuna kuiyesa pa msewu wa ku Chintheche ife tili m'tchalitchi. Tsiku limenelo bambo akhale pa chiwongolero, mwana akhale pambali pake kumvetsera injini yake.