Kodi mumadziwa kuti tiyi wa ku Thyolo amakutsogolerani kunja?

Tiyi wochuluka wolimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje samwedwa m'Malawi muno ayi, koma kutsidya kwa malire, makamaka ku South Africa ndi ku Britain.

Chotero munthu wa kwa Chimaliro amene wakafika ku London kapena ku Johannesburg, nalandiridwa ndi kapu yofuka nthunzi pakati pa anthu a chilankhulo chachilendo, akhoza kukhala akumwa masamba amene anathyoledwa ndi abale ake m'mamawa wa nkhungu, ngakhale paketiyo sitchula konse dzina la kwawo. Pakuti amalonda a kumeneko amakonda tiyi wathu chifukwa cha kufiira kwake koŵala, ndipo amamsakaniza ndi wa ku Kenya ndi wa ku India kuti kapu ioneke yokoma m'maso.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiyiyo nayenso anadza monga mlendo: mbewu zake zoyamba zinafika ku Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, zochokera ku Edinburgh.