Kuopsa kosakaniza gasi m'makina oziziritsa m'nyumba

Kukatentha mwezi wa October mu Lusaka, Livingstone ndi m'cigwa ca Luangwa, eni nyumba ambiri amene ali ndi makina oziziritsa mpweya, ochedwa aircon, amaitana okonza kuti awonjezere gasi. Koma kuthira gasi wosiyana ndi amene ali kale m'makinawo kumawononga makina, ndipo nthawi zina kumaika miyoyo pangozi.

Gasi wa m'makinawa satha ngati mafuta a galimoto. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, kotero akacepa ndiye kuti pena pabooka. Kuwonjezera gasi popanda kutseka pobookapo ndi kutaya ndalama cabe.

Makina akale ambiri amagwiritsa nchito gasi wa R22, pamene atsopano amagwiritsa nchito R410A kapena R32. Mphamvu imene R410A amakankhira mapaipi imaposa ya R22 ndi pafupifupi theka. Akalowa m'makina opangidwira R22, kompresa imalemedwa, imatentha, ndipo mapaipi akhoza kung'ambika. Mafuta ofewetsa kompresa naonso ndi osiyana. R410A sasakanikirana bwino ndi mafuta a m'makina a R22, motero mafutawo amatsalira m'mapaipi m'malo mobwerera ku kompresa, imene pamapeto pake imapsa. Zisanafike pamenepo, nyumba siizizira bwino koma mayunitsi a magetsi amatha msanga.

Ngozi yaikulu ndi moto. Gasi wa R290 ndi propane, ndipo amayaka msanga. Akathiridwa m'makina osapangidwira gasiyu, kamoto kakang'ono kocokera pa switchi kakhoza kuyambitsa moto ngati gasi akudontha. Palinso gasi wacinyengo. Mu 2011, makontena oziziritsa katundu anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil n'kupha anchito, cifukwa ca gasi wabodza amene anali ndi R40.

Ciyeso cosakaniza gasi cikukula cifukwa R22 akucotsedwa pa msika. Gasiyu amawononga ozone, ndipo pansi pa pangano la Montreal la 1987 maiko amene akutukuka, kuphatikizapo Zambia, ayenera kukhala atacepetseratu kugwiritsa nchito gasi wa mtunduwu pofika 2030. M'dziko muno nchito yoyang'anira zimenezi ili m'manja mwa bungwe la Zambia Environmental Management Agency.

Mwini nyumba akhoza kudziteteza mosavuta. Pa bokosi lakunja la makinawo pamakhala cikwangwani colembedwa mtundu wa gasi ndi kulemera kwake, ndipo dzinalo liyenera kufanana ndi lolembedwa pa silinda ya wokonza. Wokonza wodziwa nchito amayamba wapeza pobooka n'kutsekapo, amacotsa mpweya ndi cinyezi m'mapaipi ndi pampu, kenako amathira gasi moyeza pa sikelo.

Ngati gasi wasakanizidwa kale, palibe njira yomulekanitsira pakhomo. Ayenera kupopedwa yense kulowa mu silinda yapadera, osati kutulutsidwira mumlengalenga, makinawo asanathiridwe gasi woyenera.