Mlimi wa ku Tsangano angadziwe bwanji mmene phungu wake amavotera ku Maputo?

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano kapena wa fodya ku Furancungo akafuna kudziwa mmene phungu wake adavotera pa bajeti ya boma, amayamba wakumana ndi funso lina: kodi phungu wakeyo ndani?

Kutsidya kwa malire, ku Ntcheu ndi ku Dedza, dera lililonse lili ndi phungu wake wodziwika ndi dzina. Kuno ku Mozambique sizili choncho. Nyumba ya Malamulo, Assembleia da República, ndi imodzi yokha, popanda ina ya masenetala pamwamba pake. Ili ndi aphungu 250 osankhidwa kwa zaka zisanu. Wovota amasankha chipani, ndipo chipanicho ndicho chimakonza mndandanda wa mayina a chigawo chonse. Pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chigawo cha Tete chidali ndi mipando 23. Choncho maboma a Tsangano ndi Macanga alibe phungu wawowawo: onse 23 amaimira chigawo chonse.

M'nyumbayi Frelimo ili ndi mipando 171, Podemos 43, Renamo 28 ndipo MDM 8. Mtsogoleri wake ndi mayi Margarida Talapa. Kawirikawiri aphungu amavota limodzi monga gulu la chipani, lomwe pa Chipwitikizi amati bancada, ndipo phungu akalowa chipani china amataya mpando wake. Ndiye chifukwa chake wofuna kudziwa voti ya phungu amayamba wayang'ana mbali imene chipani chake chidaima.

Ntchito ya phungu payekha imaoneka kwina: mafunso amene amafunsa nduna pa misonkhano ikuluikulu iwiri ya pachaka, zimene amachita m'makomiti monga ya zaulimi, ndi maulendo ake ocheza ndi anthu m'maboma nyumbayi ikatseka. Apa ndi pamene nkhani za msewu wopita ku Tsangano, mtengo wa feteleza ndi msika wa tirigu zimaloweramo kapena kutsalira kunja.

Alimi nawonso ali ndi khomo lolowera. Malamulo aakulu a dziko amapereka ufulu wolemba dandaulo, ndipo nyumbayi ili ndi komiti yolandira madandaulo a nzika. Lamulo nambala 34/2014 limalola nzika iliyonse kupempha uthenga ku maofesi a boma. Phungu akafika m'boma, gulu la alimi likhoza kumufunsa zinthu zitatu: ali m'komiti iti, adafunsapo chiyani za dera lino, nanga nduna idayankha zotani.